Ma thread 200 mu dump, koma timer ndi imodzi yokha

Sabata yatha wowerenga wina ananditumizira imelo. Akuti Windows service yawo ya .NET Framework 4.8 imaima ikayenda masiku awiri kapena atatu. Anatenga dump (chithunzi cha memory ya pulogalamu pa nthawiyo) ndi ProcDump, ndipo atalemba !threads mu WinDbg, chida chofufuzira dump, anapeza ma thread (timizere ta ntchito toyenda nthawi imodzi mu pulogalamu) oposa 200, chonsecho mu khodi muli System.Threading.Timer imodzi yokha, yolira masekondi 5 alionse. Akufunsa ngati timer ndiyo ikubala ma thread onsewa.

Achimwene, timer ilibe thread yakeyake yogwirira ntchito yanu. Nthawi ikakwana, imangoponya callback (method yanu imene timer imaitana) ku ThreadPool, gulu la ma thread amene .NET imasungira ntchito zotere, osayang'ana n'komwe ngati yapitayo yatha. Apa ndiye pagona nkhani. Callback imodzi ikakakamira, ina imabwera pakatha masekondi 5, inanso pa 10, kumangounjikana, ndipo ThreadPool imawonjezera ma thread pang'onopang'ono kuti mzere uyende.

Ndiye musayambire pa timer. Mu WinDbg lowetsani SOS (chowonjezera chowerengera za .NET) ndi .loadby sos clr, kenako ~*e !clrstack kuti muone stack ya thread iliyonse, mndandanda wa ma method amene ilimo. Ndikuganiza kuti mupeza ma stack ambiri ofanana ngati mapasa: TimerQueueTimer.Fire pansi, Monitor.Enter pamwamba, kutanthauza kuti ma thread akudikira lock, loko wolola thread imodzi yokha kulowa pa nthawi. Mukatero lembani !syncblk, muone MonitorHeld. Wogwira lock amawerengedwa 1, wodikira aliyense 2, choncho 401 ikutanthauza mwini mmodzi ndi odikira 200. Mwini ameneyo ndiye mumuwerenge mofatsa. Kawirikawiri amakhala akudikira yankho la database kapena la seva ina popanda timeout, malire a nthawi yodikira. Ine ndimakonda kutenga dump yachiwiri patapita mphindi imodzi, chifukwa imodzi yokha singakuuzeni ngati thread yaima kapena ikungochedwa.

Timer yeniyeniyo muipeza ndi !dumpheap -type TimerQueueTimer, kenako !do pa adilesi yake. m_period, nthawi ya pakati pa kulira kumodzi ndi kwina, ili mu mamilisekondi, m_timerCallback ikulozerani ku method yanu. Zikatuluka zambiri musadzidzimuke msanga, Task.Delay ndi CancelAfter nazonso zimapanga ma timer mkati. Amene ali pa .NET yatsopano ali ndi timerinfo mu dotnet-dump, yomwe imaziika zonse poyera kamodzi.

Pokonza, ikani period kukhala Timeout.Infinite kuti isamabwereze yokha kulira, ndipo muitane Change() mu finally kumapeto kwa callback, kuti yotsatira iyambe kuwerengedwa yoyambayo itatha. Ikaninso timeout pa chimene mwini lock akudikiracho. Ndipo timer muisunge mu field ya class, chifukwa ikasowa woigwira, garbage collector, yomwe imasesa zosagwiritsidwanso ntchito mu memory, imaichotsa mwakachetechete, n'kusiya kulira popanda error iliyonse.