Za Enda Kenny ndi zaka zake pafupifupi 45 m'nyumba ya malamulo

Achemwali, mwafunsa ngati sikunali kukakamira mpando kuti munthu mmodzi akhale phungu ku Ireland zaka pafupifupi 45. Ameneyo ndi Enda Kenny, ndipo ine ndikuti ayi, sanakakamire. Anthu a kwawo, m'dera la Mayo, ndi amene ankamubwezera pa chisankho chilichonse, mpaka anadzasiya yekha mu 2020.

Analowa mu Dáil, nyumba yawo ya malamulo, mu 1975 ali ndi zaka 24. Bambo ake, a Henry Kenny, anali phungu wa deralo, ndiye atamwalira mwana wawoyu, yemwe anali mphunzitsi wa pulayimale, anapambana pa chisankho chapadera. Inde, dzina la bambo linamutsegulira khomo, izo sitingakane. Koma kumeneko dera limodzi limakhala ndi aphungu angapo, moti umapikisana ngakhale ndi mnzako wa chipani chimodzi. Ukasowa pa maliro, ukaleka kumva madandaulo a anthu, voti imapita kwa mnzakoyo. Mu 2002 anapulumukira mkamwa mwa mbuzi, chipani chake cha Fine Gael chitatsala ndi mipando 31 yokha. Chaka chomwecho anamusankha kukhala mtsogoleri wa chipanicho. Ambiri ankamuderera, mu 2010 Richard Bruton, phungu mnzake wa chipani chomwecho, anayesa kumulanda utsogoleri, koma zinakanika.

Mu 2011 chipani chinapeza mipando 76, iye nakhala Taoiseach, nduna yaikulu, dziko lili pa ngongole ya EU ndi IMF. Anamangitsa anthu malamba kwambiri, ndipo ndalama za madzi zimene boma lake linayambitsa zinatulutsa anthu miyandamiyanda m'misewu mu 2014. Pamenepo ine sindimuikira kumbuyo, osauka anamva kuwawa.

Chimene sindiiwala ndi cha pa 19 February 2013. Kwa zaka zambiri atsikana ankatsekeredwa m'nyumba za Magdalene zoyendetsedwa ndi masisitere, kumachapa zovala tsiku lonse popanda malipiro, ena chifukwa chongotenga mimba asanakwatiwe. Yomaliza inatsekedwa mu 1996. Tsikulo ena mwa amayi aja, atakalamba, anakhala m'mwamba mwa nyumba ya malamulo kumamvetsera. Kenny, Mkatolika wopita ku Misa, anaimirira n'kupepesa m'dzina la boma, mawu akunjenjemera, misozi ikulengeza. Atamaliza, aphungu a mbali zonse anaimirira n'kuombera amayiwo m'manja.

Anatula pansi udindo wa Taoiseach mu June 2017, Leo Varadkar n'kulowa m'malo mwake.