Kodi Grete ndi mfiti? Za Gregor Samsa ndi abale ake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali ku yunivesite. M'kalasi anawapatsa kabuku ka Franz Kafka kotchedwa The Metamorphosis, kaja ka munthu amene anadzuka m'mawa atasanduka chilombo, ndipo akuti atamaliza kuwerenga tulo sanatione. Funso lake linali lakuti: "Banja la Gregor Samsa si la mfiti kodi, makamaka mlongo wake Grete? Munthu wawadyetsa zaka 5, tsoka litangomugwera akumutaya ngati chinyalala. Kodi Kafka akutiuza kuti abale amakonda thumba, osati munthu?"

Achemwali, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, inenso ulendo woyamba ndinakwiya choncho. Koma pa Grete sindikugwirizana nanu.

Tiyambire m'mawa uja. Gregor wadzuka, msana wauma gwa, timiyendo tambirimbiri tikungophiriphitha m'mwamba. Inu ndi ine tikanakuwa mpaka mudzi wonse kusonkhana. Iye akuyang'ana wotchi. Alamu inali ya 4 koloko, sitima ya 5 koloko yamusiya, ndipo nkhawa yake ndi yakuti abwana anena chiyani. Ntchito yake ndi yoyendayenda kugulitsa nsalu, kugona m'mahotela, kudya chilichonse chimene wapeza, kudziwana ndi anthu lero mawa n'kusiyana nawo. Amaida ntchitoyo, koma bizinesi ya bambo ake inagwa zaka 5 zapitazo ndipo ngongole ili kwa abwana ake omwewo. Mwa kuwerengetsa kwake, patsala zaka 5 kapena 6 kuti aimalize. Ngakhale ali kwawo amagona atakhoma zitseko zonse za kuchipinda kwake, chizolowezi chimene anatengera m'maulendo. Pakhoma palibe chithunzi cha chibwenzi, pali cha mayi wovala zaubweya chimene anadula m'magazini n'kuchiika mu felemu yopanga yekha. Mayi ake omwe akuuza mkulu wa ku ofesi amene wabwera kudzafufuza kuti mnyamatayu madzulo satuluka, amangowerenga nyuzipepala kapena ndandanda ya nthawi za sitima.

Ndiye Gregor anali kale mlendo m'nyumba muja. Ndalama ankabwera nazo, abale n'kulandira mothokoza, koma nkhaniyo imanena yokha kuti onse anali atazolowera ndipo chisangalalo cha masiku oyamba chinali chitazilala. Kusandukako kunangoyalutsa zimene zinalipo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi nkhani ya mawu. Gregor akumva zonse zimene abale akulankhula, koma mawu ake asanduka kulira kwa nyama. Popeza iwo sakumumva, akuganiza kuti iyenso sawamva, ndipo nthawi zambiri palibe amene akuyesa kumulankhula mwachindunji. Amangomvetsera ali kuseri kwa chitseko. Ndi kuseri komweko kumene akumva kuti bambo ake anali ndi kandalama kamene kanapulumuka bizinesi itagwa, kuphatikizapo zotsala pa malipiro ake zimene ankasunga osamuuza. Ndalamazo zikanafupikitsa ngongole ija, iye n'kusiya msanga ntchito yomuzunzayo. Mukudziwa zimene akuchita? Akugwedeza mutu kuyamikira nzeru za bambo ake. Pamenepa ndinatseka buku kaye. Amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi kuchokera ku Johannesburg osafunsa kuti zikupita kuti, tsamba limeneli aliwerenge atakhala pansi.

Tsopano Grete. Ndi mwana wa zaka 17. Makolo onse akuopa kulowa m'chipinda, amene akulowa ndi iyeyo. Akumubweretsera mkaka umene kale ankaukonda, ataona kuti sanaumwe akuyala zakudya zosiyanasiyana pa nyuzipepala kuti aone chimene angadye, ndipo zikupezeka kuti ndi tchizi chowola ndi masamba ofota. Akusesa, akutsegula windo, tsiku ndi tsiku. Kenako akuyamba ntchito m'sitolo, usiku n'kumaphunzira Chifalansa ndi kalembedwe kachidule. Chakudya tsopano akungochikankhira m'chipinda ndi phazi akuthamangira kuntchito. Aliyense amene anadwazikapo matenda a mgonagona akudziwa mmene chifundo chimathera pang'onopang'ono, ndi manyazi amene munthu amakhala nawo akazindikira kuti watopa. Usiku umene Grete akuimba vayolini pamaso pa azibambo atatu ochita lendi m'nyumbamo, Gregor n'kukwawira poyera ali fumbi lokhalokha, alendiwo n'kunena kuti akusamuka osalipira, m'pamene mtsikanayu akuphulika. Akusiya kumutchula kuti mchimwene, akunena kuti chinthuchi chichoke, ndipo akuti chikanakhala Gregor chikanachoka chokha kalekale. Ndi mawu ankhanza, sindikukana. Koma akuchokera pakamwa pa munthu amene wasenza mtolowu miyezi yambiri, ndipo sakudziwa kuti mchimwene wakeyo ankakonza zomutumiza kusukulu ya zoimbaimba, n'kuti akanalengeza pa Khirisimasi.

Ngati mukufuna woti mumuloze chala, bambo ndi amene ali pafupi. Munthu amene kale ankangokhala pampando ngati nkhalamba yotheratu, mwana atangogwa akudzuka, akupeza ntchito ya umesenjala kubanki, akuvala yunifolomu ya mabatani agolide mpaka kugona nayo pampando. Ndi iyeyo amene akugenda Gregor ndi maapozi, limodzi n'kulowa kumsana n'kuwolera momwemo kupitirira mwezi. Koma ngakhale apa Kafka akusiya funso losautsa: mphamvu zimenezi zinali kuti zaka zonsezi? Bambo akugwira ntchito, mayi akusoka zovala zamkati za sitolo ina, mwana wamkazi akugulitsa m'sitolo. Anthu atatu amene Gregor ankakhulupirira kuti sangakhale popanda iye akutha kudzidyetsa. Kudzipereka kwake kunkawadyetsa, komanso kunkawagoneka.

Ambiri amathamangira ku moyo wa mlembi, ndipo chifukwa chilipo. Kafka anabadwira ku Prague mu 1883, Myuda wolemba m'Chijeremani mu mzinda wa anthu ambiri olankhula Chicheki. Kabukuka anakalemba kumapeto kwa 1912 akukhala m'nyumba ya makolo ake, masana akugwira ntchito ku bungwe la inshuwalansi ya ngozi za apantchito. Milungu ingapo m'mbuyomo, banja lake linali litamupanikiza kuti aziyang'anira fakitale ya mlamu wake, ndipo mlongo wake wapamtima, Ottla, anakhala kumbali ya makolo. Mu 1919 analembera bambo ake, Hermann, kalata yaitali yowadandaulira imene sinawafike. Zonsezi n'zoona, koma pamayeso musalembe kuti Gregor ndi Kafka basi n'kusiyira pomwepo.

Kanthu kena kakang'ono: musavutike kufufuza ngati chilombocho chinali mphemvu kapena chikumbu. Mawu a Chijeremani amene anagwiritsa ntchito amangotanthauza kachilombo konyansa kosafunika pakhomo. Pamene kabukuka kankasindikizidwa ku Leipzig mu 1915, Kafka analembera kampani yosindikiza ya Kurt Wolff, kuipempha kuti pachikuto asajambule chilombocho, ngakhale chapatali.

Pa funso lanu la thumba lija, yankho langa ndi lakuti ayi, koma si ayi wotonthoza. Mayi ake anamukonda, ndi amene anagwira bambo kuwapempha kuti asamuphe. Grete anamukonda mpaka pamene mphamvu zinamuthera. Gregor mwiniwake akufa m'bandakucha akuganizira abale ake mwachikondi, atagwirizana ndi chigamulo cha mlongo wake kuposa mmene mlongoyo akuchikhulupirira. Mtembo akuupeza ndi mayi wantchito, akuuzunguza ndi tsache. Tsiku lomwelo, kumapeto kwa Malichi, atatu aja akulemba makalata opempha tchuthi, akukwera tramu, kasitima kamagetsi ka mumzinda, kupita kunja kwa mzinda, dzuwa likuwala, akukambirana zosamukira m'nyumba yaing'ono yotchipa. Makolo akuyang'ana Grete, akuona kuti wakula, wakongola, ndipo nthawi yomupezera mwamuna yakwana. Werenganinso ndime imeneyo, achemwali, muone mmene akumuyang'anira mwana amene watsalayo, kenako mundilembere ngati mukumutchabe mfiti.