Musanagule lole, dziwani lamba wa feni

Achimwene, mwafunsa kuti bizinesi yodutsa malire imayenda bwanji, ndipo mukuti mukufuna kugula lole yogwirapo kale ntchito kuti muzikapikula katundu nokha m'malo molipira eni magalimoto. Za mapepala a kasitomu sindichulutsa, munthu amazizolowera pa ulendo wachiwiri. Chimene chimadya mpamba wa ambiri a ife ndi masiku amene lole yagona pambali pa msewu m'dziko la eni, katundu ali pamwamba, makaniko wosamudziwa akutchula mtengo umene wafuna. Ndipo zoimitsa lole zobwerezabwereza ndi ziwiri: injini kutentha ndi batire kufa.

Ine ndinaphunzira mowawa. Usiku wina titangodutsa boda, tikukwera chitunda chachitali, kanyali kofiira ka batire kanayaka. Ndinati bola magetsi akuwalabe, tiona kukacha. Sipanathe mphindi khumi, singano ya geji ya kutentha inafika pofiira, nthunzi ili tolotolo pansi pa kabini. Lamba wa feni anali ataduka. Pa malole ambiri lamba mmodzi yemweyo ndiye amazunguza alitineta (yothira moto mu batire) komanso pampu ya madzi, ndiye akaduka, batire imasiya kulandira moto ndipo madzi amasiya kuyenda m'injini nthawi yomweyo. Kanyali kaja kamandiuza za madzi, ine ndikuganiza za batire. Head gasket, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, inapsa, tinagona pamenepo masiku anayi, ogula amene ankandidikira anakagula kwina. Kuyambira apo, kanyali ka batire kakayaka, diso langa limathamangira pa geji ya kutentha.

M'mawa uliwonse injini isanalizidwe, dinikizani lamba ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri (timagudumu timene lamba amazungulirapo). Alowe pafupifupi sentimita imodzi basi. Akamalira ngati mluzu polizira injini, kapena akakhala wonyezimira ndi wong'ambikang'ambika mkati, msintheni musananyamuke. Wakaleyo musataye, amapulumutsa.

Madzi muziona injini itazizira. Chivindikiro cha rediyeta anthu amachipeputsa, koma ndicho chimasunga mphamvu ya mpweya mkatimo kuti madzi asawire pa madigiri 100. Kalabala kake kakatha, lole imawira pa chitunda chilichonse pamene china chilichonse chili bwino, ndipo ndaona anthu akuphwasula injini chifukwa cha kachinthu kokwana m'thumba. Musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amathovoka mpaka kumaso. Ndipo musathire madzi ozizira m'injini yowira, chitsulo chimang'aluka. Ngati lamba ali bwino ndipo madzi sakutayika, imani pambali, injini izilira pang'onopang'ono, tsegulani heater ya m'kabini ngakhale kukutentha, chifukwa imakoka kutentha kwina kuchoka m'injini. Ngati lamba waduka, zimitsani pompo.

Pali chizolowezi chimene ndimakangana nacho ndi anzanga: kuchotsa thermostat, kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, ati kuti injini izizizira. Thermostat imatseguka pakati pa madigiri 80 ndi 90, ndipo ntchito yake ndi kuti injini ifike msanga pa kutentha koyenera. Mukaichotsa, injini imayenda yozizira nthawi yaitali, imamwa dizilo wambiri ndi kutha msanga, pamene vuto lenileni likadalipo. Ngati mukuikayikira, iponyeni m'madzi owira. Ikatseguka, siyo yalakwa. Kawirikawiri wolakwa amakhala rediyeta yotsekeka, kunja ndi fumbi, udzu ndi tizilombo, kapena mkati ndi dzimbiri ndi mchere wa madzi a pamjigo. N'chifukwa chake ndimathira coolant, mankhwala a m'madzi a rediyeta, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera. Madzi okhaokha muzithira pokhapokha zikakuvutani panjira. Onaninso pansi pa pampu ya madzi, pali kabowo kakang'ono. Kakamadontha, pampuyo ikutsanzika. Koma mukaona thovu likubwera mosalekeza m'madzi, oyilo wasanduka ngati mkaka, kapena utsi woyera wosatha ku ekisozi, imeneyo si ya pamsewu ayi, ndi head gasket.

Tsopano batire. Gulani multimeter yoyezera mavoti, ndi kachida kakang'ono koma kamathetsa mikangano. Lole zazikulu zambiri ndi za mavoti 24, mabatire awiri a 12 olumikizidwa motsatizana. Batire imodzi yodzadza, itapuma, imaonetsa pafupifupi 12.6. Ikaonetsa 12.2 ndiye kuti yatsala theka. Injini ikamalira, pa mabatire onse awiri pamodzi muziona pafupifupi 28. Mukaona 24 kapena 25 injini ikulira, alitineta sikuthira moto. Mukaona 30 kupita m'mwamba, regulator yoletsa alitineta kuthira moto wopitirira muyezo yafa ndipo ikuphika mabatire, mudzamva fungo ngati la dzira lovunda. Pa kalole ka mavoti 12, nambala yabwino ndi 13.8 mpaka 14.4.

Musanagule alitineta ina, yambani ndi zotchipa. Mitu ya batire ikachita ufa woyera kapena wobiriwira, tsukani ndi soda ndi madzi, mangani zolimba. Waya wokhuthala wochoka ku batire kupita ku chasisi ukachita dzimbiri, sitata imangoti kete kete ngati batire yatha. Ndipo pa malole akale, mukatembenuza kiyi kanyali ka batire kayenera kuyaka injini isanalire. Kakapanda kuyaka, mwina babu lapsa, ndipo pa alitineta zina moto woyambitsira umadutsa pa babu lomwelo. Babu limodzi likhoza kukuimitsani. Wina akakuuzani kuti muchotse waya wa batire injini ikulira kuti muyese alitineta, mukanizeni. Nzeru imeneyo imaotcha ma diode, tizipangizo ta mkati mwa alitineta.

Chimene chimapha mabatire a ife a malonda ndi mzere wa pa boda. Mumakhalapo tsiku lonse, nthawi zina awiri, injini yozimitsa, koma wailesi ikulira, mafoni a aliyense ali pa chaji, kafiriji kakugwira ntchito. Mzere ukasuntha, inu lole yakana, a kumbuyo akukulizirani mahutala. Choipa kwambiri, ambiri amalumikiza zinthu za mavoti 12 pa batire imodzi mwa awiri aja. Imeneyo imatha kuposa inzake, ndipo pothira moto imodzi imaperewera pamene inayo ikupsa, mapeto ake mumagula onse awiri. Ikani converter yotsitsa 24 kufika pa 12. Posintha mabatire, sinthani onse pamodzi, a msinkhu umodzi.

Ndiye pokaona lole imene mukufuna kugulayo, pitani m'mawa mwiniwake asanailize. Gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa ena amaitenthetseratu kuti ibise matenda. Tsegulani chivindikiro muone mtundu wa madzi, sololani chopimira oyilo, ikani multimeter pa batire iliyonse payokhapayokha. Kenako muiyese pa chitunda itanyamula katundu, osati yopanda kanthu pamalo athyathyathya. Mwiniwake akakana zimenezo, nditumizireni uthenga, tikaone ina.