Kakolo wabinya ku Cape Town: mupitirize kuyenda?

Pepani kwambiri achemwali. Mwati mwabinya phazi potsika phiri la Table Mountain ku Cape Town, latupa, ndiye mukufunsa ngati mungopirira mpaka mudzafike kuno ku Lilongwe. Ine ndikuti yesani kaye kuponda. Ngati simungathe kuyenda ngakhale masitepe 4, kapena fupa la pakakolo likuwawa mukalikhudza, musazengereze, pitani kuchipatala mukajambulitse (X-ray) lero lomwe. Zikavuta kwambiri, nambala yoitanira thandizo pangozi ya 112 pa foni ya m'manja imagwira ku South Africa konse.

Ngati mukuponda, pumitsani mwendowo. Kulungani ayezi m'kansalu, muziikapo mphindi 15 mpaka 20 kangapo patsiku, mumange bandeji mosathinitsa, ndipo pogona phazi likhale pamwamba pa pilo. Chonde musalole wina akuthoweni ndi madzi otentha kapena kukoka phazilo monga timachitira kumudzi, masiku awiri oyambawa kutupa kumangowonjezeka. Ine ndinaumirira kuyenda chotsimphina paulendo wina, poopa kuti ndalama zanga zipita pachabe, ndipo ndinabwerera ku Area 25 nsapato isakulowa.

Mzinda mutha kuuonabe muli khale m'basi yoyendetsa alendo. Ngati muli ndi inshulansi ya paulendo, aimbireni msanga, malisiti onse musunge. Akakuikani chikhakha, uzani kampani ya ndege kusanafike tsiku, mupemphenso wheelchair posintha ndege ku Johannesburg, chifukwa bwalo lija n'lalikulu zedi.