Mng'ono wanga akawerenga uthenga osayankha, ndimasowa tulo

Mayi wina amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg wandilembera pa imelo. Akuti akatumiza uthenga pa WhatsApp kwa mng'ono wawo ku Zomba, timizere tija n'kusanduka tabuluu koma yankho osabwera, mtima umawawawa usiku wonse. Ali kumudzi zoterezi sankazilabadira. Akufunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino.

Mutu wanu uli bwinobwino, mayi. Kumudzi munkapatsidwa moni kangapo musanafike n'komwe pamjigo, ndiye wina akakudutsani osalankhula sizinkakukhudzani. Lero mumatandala nokha m'nyumba ya abwana, ndipo kucheza kwanu konse kwatsalira pa foniyo.

Mu 2003, Naomi Eisenberger ndi anzake a pa yunivesite ya UCLA ku America anafalitsa zomwe anapeza atajambula ubongo wa anthu omwe ankasewera Cyberball, masewera oponyerana mpira pakompyuta. Masewera ali mkati, osewera ena awiri analeka kumuponyera mpira munthuyo. Awiriwo sanali anthu enieni, inali kompyuta chabe. Komabe mbali ina ya ubongo, yomwe imagwiranso ntchito thupi likamamva ululu, inatakataka. Kusalidwa kumapwetekadi, ngakhale pa zinthu zachibwana ngati zimenezi.

John Cacioppo, yemwe anali pa yunivesite ya Chicago, anaonetsa chinanso, chomwe ndikuona kuti ndiye nkhani yanu: munthu akasungulumwa amakhala tcheru kufunafuna zizindikiro zoti anthu sakumufuna. Zili ngati wanjala, fungo la ndiwo za kwa aneba amalimva patali. Choipa chake n'choti tcheru chimenechi chimanamiza. Mng'ono wanu mwina anawerenga ali m'minibasi, mwana akulira kumsana, kenako bandulo n'kutha. Inu mwaweruza kale kuti wayamba matama. Mawa mumuyankha mozizira, iyenso adabwa n'kuyamba kudzikoka.

Sindikuti abale onse ndi oyera mtima. Alipo amene amakumbukira wa ku Joni pakutha pa mwezi basi, ndipo zikatero kudandaula kwanu n'komveka. Koma zimenezo simungazidziwe poyang'ana timizere. Muimbireni Lamlungu, mumve mawu ake, mumuuze kuti mwamusowa m'malo momufunsa chifukwa chomwe sanayankhire. Ndipo musamusenzetse yekha katundu yense. Funani mpingo kapena gulu la chipereganyu la Amalawi anzanu kufupi ndi komwe mukukhala, kuti pa sabata pazikhala anthu oonana nawo maso ndi maso.