Kodi mapuloteni a yisiti amadutsa pati?

Funso: Akulu, ndinamva kuti yisiti amatulutsa mapuloteni kunja kwa selo yake. Nanga amadutsa pati poti seloyo ndi yokutidwa ndi kachikopa ka mafuta?

Yankho: Aaa, puloteni singangoboola ayi, ndi yaikulu zedi. Ikamapangidwa, kumutu kwake kumakhala kachidutswa ka ma amino acid (tizidutswa tomwe timapanga puloteni) pafupifupi 20, kali ngati adilesi pa envelopu, ndipo wasayansi Günter Blobel analandira mphoto ya Nobel mu 1999 chifukwa chotulukira zimenezi. Adilesiyo imaifikitsa ku endoplasmic reticulum, gawo la mkati mwa selo lokutidwa ndi kachikopa kakekake, komwe kuli kabowo kotchedwa Sec61, ndiye puloteniyo imalowa isanapindike ngati ulusi pa singano, mkatimo puloteni ina yotchedwa Kar2 imaigwira kuti isabwerere, kachidutswa kaja n'kudulidwa basi. Kenako timatumba ting'onoting'ono timainyamula kupita ku Golgi, gawo la selo losanja mapuloteni, mpaka kunja.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha wasayansi wina, Randy Schekman. Anagwiritsa ntchito yisiti wa majini olakwika, kutentha kukafika 37°C timatumba tija timangounjikana mkati osatuluka, ndipo mu 1980 gulu lake linapeza majini 23 oyendetsa ntchitoyi. Naye analandira Nobel mu 2013.

Mapuloteni opita ku mitochondria, tizigawo ta selo topanga mphamvu, ali ndi zipata zawozawo, zotchedwa TOM ndi TIM.