Kulembedwa pa kafukufuku wa zoonongeka si lonjezo la chipukuta misozi

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene boma silinapereke ndalama zomangira nyumba ya amayi anu ku Phalombe, ngakhale kuti idalembedwa itagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Pepani kwambiri ndi zimene zidawagwerazo.

Kafukufuku wotere amachitika pawiri. Woyamba ndi wachangu: makomiti a m'midzi amalemba mabanja okhudzidwa n'kupereka maina ku khonsolo ya boma, yomwe imawatumiza ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti chakudya, matenti ndi mabulangete zifike msanga. Wachiwiri, wotchedwa PDNA, umene boma limachita mothandizidwa ndi World Bank, United Nations ndi European Union, umawerengera kuonongeka kwa nyumba, misewu, milatho, sukulu ndi minda m'maboma onse okhudzidwa. Wa Freddy udapeza kuti zoonongeka ndi zotayika zidaposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kumafunika madola oposa 680 miliyoni. Ziwerengerozi ndi zokonzera mapulani ndi kupemphera thandizo, osati ndalama zosungidwa kuti zigawidwe khomo ndi khomo, ndipo chimandiwawa n'chakuti anthu kumudzi safotokozeredwa bwino zimenezi polembedwa.

Popeza inu muli kuno ku Johannesburg, pemphani wachibale apite kwa amfumu ndi ku khonsolo kukatsimikiza kuti dzina la amayi lili m'kaundula, chifukwa mabungwe omanga nyumba kawirikawiri amayambira pa kaundulayo posankha opindula. Zithunzi za nyumbayo azisunge.